Tsiku Lobweza Mfuti

Pamzere wa pabwalo la polisi, telala ndiye anali wamkulu kuposa onse. Anzake anabisa mfuti zawo m'zikwama. Iye anakulunga yake m'kansalu kotsala podula diresi.

Ofufuza a kuyunivesite anali atapeza kuti anthu amabweza zida akapanda kufunsidwa kanthu. Choncho lamulo la tsikulo linali limodzi: pereka, aidule ukuona, uzipita. Dzina ayi, nambala ayi.

Telala sanabwerere zimenezo. Mkazi wake anaomberedwa chaka chatha akutseka chitseko cha shopu yawo. Apolisi anati ndi mbava za kuseri kwa msika, fayilo n'kugona tulo. Mvula itakokolola zinyalala m'ngalande ya kuseri kwa shopu, iye anapeza mfutiyo m'matope. Nambala yapamwamba inali yopalidwa. Koma poitsuka ndi mafuta a makina osokera, anamatula tepi wakuda wa pachogwirira, n'kupeza ina yaing'ono kunsi kwake. Anamatanso bwinobwino, osauza munthu. Nambalayo anailoweza, koma nambala ya pakamwa pa telala angaimvere ndani? Kawiri konse anapita kuofesi ya apolisi, kawiri konse bwana anali atatuluka. Lero ankafuna chinthu chimodzi: munthu wophunzira aione ndi maso, ailembe, mwini mfuti adziwike.

Telala atafika kutsogolo, mayi wofufuza anamwetulira, n'kumuonetsa fomu. Inali ndi malo a mtundu wa mfuti ndi tsiku basi. Anafotokoza kuti akalemba nambala ya mmodzi, mawa sipadzaoneka munthu pamzerepo.

"Lembani kumbuyo," anatero telala.

"Pepani bambo, tiononga kafukufuku."

"Ndidikira."

Akumbuyo anayamba kung'ung'udza. Wina anafunsa ngati mdalayu akufuna lisiti yokaonetsa kumwamba, anthu n'kuseka. Telala sanasunthe phazi.

Kenako panafika sajeni wa pamalopo, yemwe ananyamula nawo bokosi tsiku la maliro a mkazi wa telala. Anamugwira paphewa, kumutchula achimwene, n'kuuza mayi uja kuti munthuyu wavutika mokwana. Fomu isade, anatero. Nambalayo aiona iye monga wapolisi, ailemba m'kabuku kake, nkhani ya malemu idzuke. Telala anapereka mfutiyo ndi manja awiri.

Anatsegula pakamwa kuti anene pomwe inabisala nambala.

Sajeni anali ataipana kale pachitsulo, chogwirira chili m'mwamba. Sanafunse, sanafunefune. Anakanda tepi ndi chikhadabo pamalo penipeni pa nambala ija, n'kutsitsa makina odulira pomwepo mpaka moto unathetheka.

Zobisika pansi pa tepi amazidziwa ndi womata woyamba. Mayi wofufuza anachonga pafomu: mfuti ina yachoka m'misewu.