Alamu Abwera ku Msonkhano

Mayi wotsogolera msonkhano wa ofuna kusiya mowa anali atangokumbutsa anzake lamulo, loti zokambidwa muno zimathera muno, pamene chitseko chinatseguka.

Analowa mlamu wake, yemwe uja anamulanda ana n'kumutcha chidakwa pamaso pa abale onse. Chikwama anali atachikumbatira pachifuwa.

Mtima wa mayiyo unati myaa. Kunja sakanauza munthu kuti mlamuyo wabwera kuno, koma muno woyendetsa zinthu anali iye.

"Tiyambe ndi alendo," anatero. "Imirirani, mutiuze chakubweretsani."

Mlamuyo anaimirira, maso ali pansi. "Mowa wandigonjetsa," ananong'ona.

 Aliyense anamva, ngakhale bambo wogontha khutu limodzi wa pakona anagwedeza mutu.

Mayiyo anawongola msana, napinda manja.

"Sitinamve, alamu. Kwezani mawu, mubwereze."