Tambala wa Chinkhoswe cha Lovemore

Lovemore anamangirira tambala pakaliyala pa njinga yanga osandiyang'ana n'komwe.

"Ukamusiye kwa amalume ku Ludzi. Chinkhoswe ndi mawa."

Chinkhoswe chake iyeyo, ndi Dailesi. Tambalayo ndi woti ankhoswe ake akapereke kuchikazi.

"Nanga ine?" ndinamufunsa. Takhala tikugona mphasa imodzi m'kachipinda kathu paboda, anthu n'kumati ndife pachibale. Tikatseka chitseko amandifungatira, n'kumati wake ndine ndekha.

"Iwe Maliko, usayambe. Ungapite kuti? Angakufune ndani?"

Anavala malaya amene ndinamusitira m'mawa, n'kutuluka.

Ndinapalasa njinga ndikutukwana njira yonse. Nditadutsa esiteti ya fodya ndinaima, ndinadula luzi, n'kumuponya tambala uja patchire.

"Thawa, chitsiru iwe! Mawa ukudyedwa!"

Anakupiza mapiko, n'kuyenda pang'ono, kenako n'kubwera kudzajompha pansi pafupi ndi phazi langa. Ndinamugenda. Anabweranso.

Ndinamunyamula, n'kumumanga bwinobwino kuti luzi lisamupweteke miyendo. Ku Ludzi kunali kudakali kutali.