Buku Lachisanu

"Musalekezere pamenepo!" anakuwa dalaivala uku akumenya mkono wa mpando. "Nduna ya Mchere yathira chiyani m'kapu ya mfumukazi?"

"Mawa," anayankha mkazi wake akutseka buku. "Kummero kwandiuma."

Bamboyo anali womangidwa nsalu m'maso chimuchitireni opaleshoni. Adokotala anamuletsa dzuwa, foni ndi wailesi yakanema. Munthu wozolowera msewu anangokhala pabalaza ngati katundu woiwalika m'basi, kudandaula kuti mwina sadzagwiranso chiwongolero. Chakudya ankangochilawa n'kukankhira mbale uko. Ndiye mlamu wake anabweretsa katoni ya mabuku kuti achemwali akewo azimuwerengera.

"Nthano za ana izi," anatero dalaivala tsiku loyamba.

Inali nkhani ya ufumu womangidwa pamwamba pa mitambo, wa asilikali okwera ziwombankhanga, ndi mfumukazi yolandidwa mpando ndi amalume ake. Pofika pakati pa buku loyamba, dalaivala anasiya kuwodzera. Lachiwiri lili mkati, nduna zonse ankazidziwa pamtima, yogulidwa ndi yokhulupirika yomwe. Chakudya chinayamba kutha m'mbale. Anzake akuntchito akabwera kudzamuzonda, ankawasimbira ziwembu za kunyumba yachifumu mpaka iwo kuyang'anana, kuganiza kuti mankhwala amusokoneza mutu.

Koma buku lachisanu ndiye linamugwira pakhosi. Mmenemo munalibe woti n'kumudalira. Kazembe amene dalaivala ankamuikira kumbuyo chiyambireni anapezeka kuti ndi kazitape. Amalume ankhanza aja anapulumutsa mwana wa mdani wawo. Mfumukazi inagwirana chanza ndi Nduna ya Mchere ikumwetulira, kwinaku itatuma kale anthu kukatentha nkhokwe zake. Mkazi wake ankawerenga mosathamanga, kupumira pena, kutembenuza tsamba n'kupitiriza.

"Wolemba uyu ndi mwamuna wamutu," ankatero dalaivala. "Ndale amazidziwa. Inu mayi mumangotchula mawu, zakuya zake sizikukulowani. Dikirani ndikumasulireni."

"Masulirani, bambo," ankayankha mayiyo modekha. "Ndiye inu mukuona ngati akupereka mfumukazi ndani?"

Dalaivala ankatchula dzina molimba mtima, zifukwa zake n'kuziyala bwinobwino. Mawa lake ankapezeka kuti waphonya, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Wandipusitsanso! Munthu ameneyu amachita ngati amandimva!"

Tsiku lomasula nsalu linafika. Maso anachira, ndipo adokotala anati ntchito ayambanso posachedwa. Atangofika kunyumba, mkazi wake analowa kukhitchini kukatereka tiyi. Dalaivala sanakhale n'komwe pansi. Nkhani inali italekezera pomwe mfumukazi inanyamula kapu ija kupita nayo kukamwa, ndipo tsopano anali ndi maso akeake. Za mawa anali atatopa nazo.

Anagwada pakatoni. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Anakutumula katoniyo, osagwa kanthu. Anasuzumira kunsi kwa mpando, kuseri kwa kabati, ngakhale pansi pa nsalu ya patebulo.

"Andibisira," anang'ung'udza. "Akudziwa kuti ndikhoza kuwatsogolera."

Nthawi yomweyo kunamveka odi, mlamu wake n'kulowa atatambasula manja.

"Alamu! Mukundiona?"

"Ndikukuonani, ndipo mwanenepa. Koma tandiuzani msanga, buku lachisanu munatenga ndinu? Ndikufuna ndidzionere ndekha ngati mfumukazi yamwa."

Mlamuyo anakwinya nkhope. "Lachisanu liti? Mabukuwa alipo anayi basi. Lachisanu mwini wake sanalembe, tonse tikungodikira."

Dalaivala anatembenuka pang'onopang'ono. Mkazi wake anali ataima pakhomo la kukhitchini, thireyi ili m'manja.

"Khalani pansi mutseke maso, bambo," anatero. "Mathero ake ndawapeza m'mawa uno ndikuchapa."