Pepala Lonyowa

Wamankhwala anali atathira kale mapiritsi makumi atatu m'kamtondo pamene dzanja lake linaima. Anawerenganso pepala la dokotala. Mvula inali italinyowetsa, moti mzere wa dzina ndi zaka unangotsala banga la inki. Mlingo wokha ndiwo unkaoneka bwino, ndipo unali waukulu. M'munsi mwake dokotala analemba kuti mapiritsiwo asinjidwe, asakanizidwe ndi madzi otsekemera.

Kuseri kwa zenera, bambo waimvi ankangozungulira. Akhale pabenchi, adzuke, ayang'ane wotchi yapakhoma. M'chikwama mwake munkasuzumira paketi ya matewera ndi kasupuni kapulasitiki.

"Mayi, zitheka koma? Amene ndawasiyira wodwala akulowa ntchito masana ano."

"Mapiritsi athunthu zimavuta?"

"Amalavula. Mano alibe. Umayesa ameza, ukatembenuka kapiritsi kali pabulangete kakukuyang'ana. Zotsekemerazo musaumire, zikawawa amalira."

Wamankhwala anayang'ananso chikwama chija. Matewera, kasupuni, mkamwa mopanda mano. Mlingo umenewu khanda silingadzuke nawo. Madokotala otopa anawaonapo, koma cholakwa chotere ayi.

Sanafune kuopseza gogoyo. Anaimbira dokotala, foni inangolira. Anaimbanso. Kuti manja asakhale chabe, anayamba kulongedza mapiritsi a m'chitini chachikulu m'timapepala tapulasitiki, khumikhumi, n'kumalemba tsiku lotha mphamvu. Katatu konse anasokoneza chiwerengero. Botolo labulauni linali pambali pa sikelo, lopanda kanthu, chizindikiro chake chosalemba.

"Mayi, kamunsiko sindikukamvatu kulira," anatero bamboyo, akuzunguza mphete yomwe inkamukhwepa pachala. "Akadzuka n'kundisowa, nyumba yonse imamva."

Foni yachitatu sinayankhidwenso. Wamankhwala anaganiza zochepetsa yekha mlingowo, dokotala adzakalipe mawa. Anatenga cholembera, n'kusendera pazenera.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Mankhwala awa, momwe alembedwera, sindingakupatseni. Achuluka kwambiri. Ndiwerengera mlingo wina. Mdzukulu wanuyo ali ndi miyezi ingati, ndipo amalemera makilo angati?"

Bamboyo anasiya kuzunguza mphete ija. Anamuyang'ana kanthawi, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wosagona mokwanira.

"Mdzukulu? Ndi akazi anga, mayi. Mwezi wamawa tikwanitsa zaka makumi asanu tili limodzi. Sinjani momwe alemberamo."