Mikwingwirima pa Mikono ya Bambo

Mayi wosamalira odwala ankapinda zofunda pamene mpongozi wa bambo wokalamba amene ankawasamalira analowa akulira.

"Amuna anga awaletsa kuona bambo awo, ati amawamenya. Mwasangalala, asisi?"

"Ndinaona mikwingwirima, mayi. Lamulo limati ndikanene," anayankha motsitsa mawu. Anali atapemphera asanapite kukanena.

Kuchipinda, bambo aja anaitana kuti akufuna kukhala tsonga. Wosamalira uja anapita, anawagwira m'mikono mwamphamvu n'kuwadzutsa, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Iwo analuma mlomo, kenako anamwetulira kuti asamudandaulitse.

Wosamalirayo atayang'ana, anaona zala zake zitagona ndendende pa mikwingwirima ija, chala chilichonse pamalo pake.

Anagwada pambali pa bedi, mpongozi ataima pakhomo.

"Mayi, itanani amuna anu. Ndine amene ndakhala ndikuwapweteka bambowa. Bambo, chonde ndikhululukireni."