Zimene a Zikhalo Anaona Kuseri kwa Matabwa

Panali munthu wina ku Dedza, dzina lawo a Zikhalo, amene anali ndi malo ochekera matabwa a paini kufupi ndi pa Boma. Pantchito pawo panali lamulo lodziwika: wantchito akajomba chifukwa chopita kuchipatala, pobwera ankapeza wina ali kale pamalo pake. Ndipo iwo ankanyadira kwa anzawo kuti pakampani yawo sipadwala munthu.

Akazi awo, mayi Jestina, anali namwino. Tsiku lina anawauza kuti, "Bambo a Alile, amuna onse aja osamvako ndi mutu womwe? Si kuti sadwala ayi, akukuopani. Ndiloleni ndibwere Loweruka ndidzawayeze shuga ndi kuthamanga kwa magazi."

"Zachipatalazo zizithera kuntchito kwanu konko," anayankha a Zikhalo. "Mukangowayeza, mawa aliyense adzuka wodwala."

Itafika nyengo yozizira, a Zikhalo anayamba kuona zachilendo pa Anselmo, bambo amene ankayendetsa makina ochekera. Kunja kuli chifunga, anzake akunjenjemera m'majekete, iye ankagugudiza madzi ngati ndi mu Okutobala. Pafupipafupi ankazimitsa makina n'kuthamangira kukataya madzi. Ovolosi inayamba kumukulira. Ndipo nthawi ya nkhomaliro, iye ndi mnzake Clement, wonyamula zipika, ankazimiririka kuseri kwa mulu wa matabwa.

Kodi kuseriko kunali chiyani? A Zikhalo anaganizira kachasu, koma atamuyandikira Anselmo popereka moni, fungo la mowa panalibe. Anaganizira kuti mwina akubisa matabwa oti akagulitse, koma mulu sunkachepa. Atamufunsa Clement, iye anangoti, "Timakapumako, bwana," maso ali pansi.

Zinawasowetsa mtendere. Lachiwiri lina masana anazungulira monyang'ama, n'kusuzumira pampata wa matabwa.

Anselmo anali atakhala pachipika, jombo atavula. Kuphazi kwake kunali chilonda chakuda m'mbali, fungo lake lofika mpaka pomwe iwo anaima. Clement ankachitsuka ndi madzi amchere.

"Achimwene, kabala ka msomali kaja kafika apa? Ichi sichathunso ayi. Tiyeni kuchipatala," anatero Clement.

"Ndikapita, ana anga adya utuchi? Manga, nthawi yatha."

Mtima unawauza a Zikhalo kuti atulukire pomwepo. Koma matabwa a denga la tchalitchi china ankafunika Lachisanu, ndipo wina wodziwa makina aja panalibe. "Akangomaliza amenewa, ndimutengera ndekha kuchipatala," anadziuza choncho. Anabwerera mwakachetechete. Kunyumba sanawauze mayi Jestina, chifukwa ankadziwa chimene akanayankha.

Lachinayi m'mawa Anselmo anagwa pambali pa makina, thupi likutentha ngati mbaula. Anamunyamula pagalimoto ya a Zikhalo.

Dokotala atamuona anapukusa mutu. "Bamboyu ali ndi matenda a shuga, ndiye chilonda sichikanapola chokha. Phazi lawola, tidula pansi pa bondo kuti tipulumutse moyo. Munali kuti nthawi yonseyi?"

A Zikhalo anasowa poyang'ana.

Patapita masiku anapita kukamuzonda. Anselmo atawaona anayesa kudzuka.

"Bwana, pamakina mwaikapo ndani?"

"Zisiye zimenezo. Ntchito yako ilipo." Kenako anati, "Bwanji sunandiuze?"

Anselmo anati, "Ine ndinakuonani tsiku lija, bwana. Nsapato zanu zinkaonekera kunsi kwa matabwa. Ndinati lero zatheka, abwana aona okha, andiuza kuti pita. Ndinadikira. Kenako ndinaona nsapato zikubwerera."

A Zikhalo anatuluka muwodi. Anakalowa m'galimoto, koma kiyi anangomugwira m'manja osaliza.

Lolemba anasonkhanitsa antchito onse. Anawauza kuti lamulo lija latha, wodwala azipita kuchipatala ndipo malo ake azimudikira. Anatinso Anselmo akachira adzabwerera kudzayang'anira zogulitsa, atakhala pampando. Amuna aja anangoti zikomo, n'kubalalika. Palibe amene anakhulupirira.

Mlungu wonse unatha popanda wobwera kudzanena vuto lake. Kenako masana ena Godfrey, dalaivala wa lole, munthu wanthabwala amene ankaseketsa bwalo lonse, anaima pakhomo la ofesi atagwira chipewa.

"Bwana, zimene munanena zija, ndi za zilonda zokha?"

"Bwanji?"

"Ine m'thupi ndili bwino. Koma chichokereni mayi a kunyumba ndi ana, sindikuona tulo. Dzulo potsika ndi zipika ndinangozindikira ndadutsa pa Chimbiya, osadziwa kuti ndafika bwanji. Ndikuopa kupha anthu pamsewu."

Panja lole inali itadzaza kale, kasitomala akudikira ku Lilongwe. A Zikhalo anayang'ana lole, anayang'ana Godfrey. Kenako anakoka mpando.

"Ika makiyi patebulopo. Katundu apita mawa ndi wina, ndipo za uphungu tikafunsa mayi Jestina kunyumba kwathu. Khala pansi, undiuze kuyambira poyamba."

Phunziro: Antchito anu akakhala kuti sadandaula, musafulumire kunena kuti ali bwino, mwina akungoopa kutaya ntchito. Amuna ambiri amabisa ululu wa m'thupi ndi wa mumtima mpaka zitafika poipa. Inu olemba ntchito, apatseni mpata wopita kuchipatala mopanda mantha, afunseni mmene alili, ndipo mukaona vuto lankhulani tsiku lomwelo. Uthengawu usathere pafoni yanu, utumizeni kwa abwana, akapitawo ndi abambo onse amene mumawadziwa.