Gulo Wodya Ziwala Zokha

Padangokhala, inu muli nane, Gulo wamutu wobiriwira amene ankaothera dzuwa pamwala umodzi ndi Buluzi. Tsiku lina ataona mnzakeyo akutola nyerere, Gulo analavula malovu.

"Achimwene, nyerere n'chakudya cha amphawi. Ife kwathu timadya ziwala zonona basi."

"Chabwino," anatero Buluzi. "Tiyesane masiku atatu. Mukalawa nyerere, mundisiyira mwalawu. Mukapirira, ndisamuka ndine."

Gulo anavomera, kuiwala kuti chinali chilimwe, tchire litapsa, ziwala zitasowa. Tsiku loyamba anameza mate. Lachiwiri m'mimba munayamba kulira ngati ng'oma. Lachitatu anatsanzika kuti akukazonda odwala, koma anakabisala kuseri kwa mtengo kumene kunkadutsa mzere wa nyerere. Anameza mosatafuna, maso ali uku ndi uku.

Pobwerera ankayenda monyang'wa, osadziwa kuti nyerere imodzi yakanirira pachibwano pake.

"Odwala aja ali bwanji?" anafunsa Buluzi. "Ndaona mwabwera nawo pachibwano."

Gulo anadzigwira pachibwano napeza nyerere ija. Anasiya mwala uja nakwera mumtengo, ndipo mpaka lero, ukamufunsa ngati amadya nyerere, amangogwedeza mutu kuvomera.